Funsani Ankolo: Chitsitsimutso chadanitsa ansembe awiri, kodi kalata ingawayanjanitse?

Moni nonse amene mumawerenga tsamba lino. Mwezi uno ndasankha mafunso anayi ndipo onse akukhudza mpingo wa Anglican, ena mudandaula kuti Ankolo mwakondera mpingo wanu, koma werengani kaye, nkhani ya anthu awiri okondana amene asiya kulankhulana ilibe mpingo. Funso loyambali ndakhalitsapo chifukwa landisowetsa tulo, mundipirire.

FUNSO: Ankolo, ndine mayi wa ana atatu, amuna anga ndi wansembe wa Anglican ku parishi ina konkuno ku Zomba, dzina la parishi musandifunse. Amuna angawa ali ndi mnzawo amene anaphunzira naye limodzi zaunsembe, anadzozedwa tsiku limodzi, pa ukwati wathu besitimani anali iyeyo ndipo mwana wathu woyamba anamubatiza ndi yemweyo, ubwenzi wake unali wa ponda apa nane ndipondepo. Chaka chatha ku parishi ya mnzawoyo kunabuka chitsitsimutso, achinyamata akumachezera kupemphera Lachisanu usiku wonse, anthu akumaimirira kuulula machimo awo poyera, ena mpaka kubweza zinthu zomwe anaba, tchalitchi chikumadzaza ena kukhala panja. Amuna anga sanakondwe nazo, iwo amati Misa ili ndi dongosolo lake, buku la mapemphero lilipo, kulapa kuli ndi malo ake osati pa maikolofoni. Nde analembera mnzawoyo meseji yaitali pa WhatsApp, ya awiri, kumuuza kuti asamale akusandutsa nyumba ya Mulungu kukhala tenti ya krusedi. Kaya zinayenda bwanji, meseji ija inangopezeka ili pa gulupu ya achinyamata a parishi ija ngati sikirinishoti, kenako inafika mpaka pa gulupu ya amayi kwathu kuno. Pano ndi miyezi 7 sakulankhulana, akakumana ku msonkhano wa ansembe amangogwirana chanza basi aliyense n'kuyang'ana kwake. Ine ndi mkazi wa mnzawoyo tinali ngati pachibale koma nafenso pano tikungoonerana ma status. Amuna anga usiku sagona, ndimawamva akungotembenuka. Kodi zoterezi zinayamba zachitikapo mu mpingo? Nanga ine ndingatani poti sindine wansembe?
Mayi wodandaula, Zomba

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, ndipo zikomo kuti simunatchule parishi kapena dzina la munthu, mwachita zaulemu. Zinachitikapo, ndipo nkhani yomwe ndikuuzeniyi ikufanana ndi yanu mpaka mudabwa.

Ku England m'zaka za m'ma 1730 kunali ansembe awiri a Anglican, John Wesley ndi George Whitefield, anadziwana ali ku yunivesite ya Oxford m'kagulu kakang'ono ka mapemphero. Whitefield anali wamng'ono kwa Wesley ndi zaka 11 koma ndi iyeyo amene anayamba kulalikira panja, mu Febuluwale 1739, kwa anthu okumba malasha ku Kingswood pafupi ndi mzinda wa Bristol, poti matchalitchi ambiri anali atamutsekera zitseko. Anthu atachuluka Whitefield anamulembera Wesley kuti abwere adzamuthandize. Wesley anali munthu wadongosolo ngati amuna anuwo, kulalikira kunja kwa tchalitchi ankakuona ngati chinthu chosayenera n'komwe, koma anapita, anakaona ndi maso ake, ndipo pa 2 Epulo 1739 nayenso analalikira panja. Musaiwale pamenepa mayi, anapita kukaona yekha.

Sipanapite nthawi anasemphana pa chiphunzitso. Whitefield ankakhulupirira kuti Mulungu anasankhiratu kale anthu amene adzapulumuke, Wesley ankati ayi, chisomo ndi cha aliyense amene angachilandire. Ankalemberana makalata otentha, wina ali ku America wina ali ku London. Nde tsiku lina Lamulungu, pa 1 Febuluwale 1741, anthu ena anatenga kalata imodzi yomwe Whitefield analembera Wesley, ya awiri okha, n'kuisindikiza popanda chilolezo cha wolemba ngakhale cha wolandira, n'kumagawira anthu pakhomo pa nyumba yomwe Wesley ankalalikiramo. Sikirinishoti yanu ija ndi imeneyi, kungoti ya pepala. Wesley atamaliza ulaliki anawafotokozera anthu mmene zinakhalira, anawauza kuti achita zomwe akukhulupirira kuti Whitefield akanachita akanakhalapo, n'kung'amba pepala lija pamaso pa onse. Aliyense amene anali nalo m'manja nayenso anang'amba lake.

Sindikunamizani kuti zinathera pompo ayi. Chaka chomwecho Whitefield anatulutsa yekha poyera kalata ina yaitali yotsutsa ulaliki wa Wesley, owatsatira anagawikana pawiri, ndipo pa chiphunzitso chija awiriwa sanagwirizanepo mpaka imfa. Koma ubale wokha anaubweza, anayambiranso kulemberana ndi kuchezerana mpaka kumalalikira wina pa guwa la mnzake. Whitefield atamwalira ku America pa 30 Sepitembala 1770, amene analalikira pa mwambo womukumbukira ku London anali Wesley, ndipo zinali zofuna za malemuyo. Zaka pafupifupi 30 akusiyana maganizo koma osatayana.

Tsono kung'amba pepala kuja ndi ntchito ya amene analandira meseji, kutanthauza mnzawo wa amuna anu. Ndi iye amene akanayenera kuimirira pamaso pa achinyamata ake n'kunena kuti meseji iyi inali ya ine ndi m'bale wanga, fufutani. Mwina sanatero chifukwa mawu aja anamulasa, ndipo apa ndinene mosapsatira, mawu oti tenti ya krusedi ndi onyoza. Munthu akuona anyamata amene ankagona ku bala akugwada n'kumalira, akuona mbuzi yobedwa ikubwerera kwa mwini wake, iwe n'kumuuza kuti ukumanga tenti ya krusedi, zimapweteka olo akhale mnzako wa pamtima. Koma nkhawa ya amuna anu ndi yoona ndipo mbali ina ine ndili nawo. Walira mvula walira matope. Kuulula machimo pa maikolofoni kumatha kuphwasula banja la munthu wina amene sanapemphe kuti atchulidwe, mtsikana akhoza kuyenda chozolika moyo wake wonse chifukwa mnyamata wina wafuna kupepukidwa mtima pagulu. Ku Uganda ndi ku Rwanda, chitsitsimutso chomwe chinayamba Simeon Nsibambi atakumana ndi dokotala Joe Church ku Kampala mu 1929 chinadutsa m'mikangano ngati yomweyi, moti mu 1941 ophunzira oposa 20 anachotsedwa pa koleji ya zaunsembe ku Mukono atasemphana ndi akuluakulu a kolejiyo. Komabe anthu a chitsitsimutsocho ambiri sanatuluke mu mpingo, ndipo Akibishopu Janani Luwum amene anaphedwa mu 1977 nthawi ya Idi Amin anali chipatso chake. Nde mvula ndi yeniyeni, matope nawonso ndi enieni, ndipo wansembe amene ali pakati pa mvulayo akusowa mnzake woti azimuuza kuti apa ndi poterera. Mnzakeyo ndi amuna anu. Akangokhala chete, malo awo atenga anthu oombera m'manja chilichonse.

Nanga alembe bwanji? Apa ndimakonda nkhani ya John Newton, uja anali kaputeni wa sitima yonyamula akapolo kenako n'kutembenuka mtima, anadzozedwa unsembe mu 1764 n'kukatumikira m'tauni yaing'ono ya Olney. M'midzi yoyandikana nayo munali wansembe wina wachinyamata, Thomas Scott, wokonda mabuku ndi mtsutso, ndipo anthu a chitsitsimutso ankawaseka kuti ndi otengeka. Mu 1774 anthu awiri a m'dera la Scott, bambo ndi mkazi wake, anadwala mwakayakaya, Scott osapitako poti sanaitanidwe, kenako anamva kuti Newton wakhala akupita kukawaona kangapo konse. Zinamuchititsa manyazi koma mtima wa makani unali ukadalipo, moti mu 1775 anayamba kumulembera Newton makalata n'cholinga choti amukokere m'mtsutso amugonjetse. Newton ankayankha ndithu, makalata aatali, koma pa makani ankangolambalala, ankalemba ngati akucheza ndi mnzake amene akumufunira zabwino, osabisa zomwe amakhulupirira komanso osamunyoza. Scott zinamutopetsa, pofika Disembala chaka chomwecho kulemberana kunaima, ndipo Newton sanamuthamangire. Patatha chaka ndi miyezi, Scott zitamuthina mu mtima, khomo limene anakagogoda linali la Newton yemweyo. Scott ameneyu ndi amene anadzatumikira ku Olney Newton atasamukira ku London. Zonsezi tikuzidziwa chifukwa Scott analemba yekha mbiri ya kusintha kwake, ndipo makalata a Newton aja anasungidwa.

Bambo anga anali katekisiti, ndipo anali ndi mnzawo wansembe amene anatumizidwa kunyanja, kutali koti kalata inkayenda masabata. Ndimakumbukira madzulo tikatha kudya, akukokera kampando pafupi ndi koloboyi, pepala lothothola pakati pa kope atalitsamiritsa pa buku la nyimbo, n'kuyamba monga mwa masiku onse, poyamba moni, ife kuno tili bwino kaya inu kumeneko. Akamaliza sankamata envelopu. Ankaipinda kalata ija n'kuilowetsa m'Baibulo kuti igone, m'mawa asanapite ku mapemphero n'kuiwerenganso ataimirira pakhomo pomwe pali kuwala, milomo ikugwedera. Kangapo ndinawaona akuiponya pamoto pomwe mayi ankaphika phala n'kuyambanso ina. Ndili mwana ndinkadandaula pepala lowonongekalo, lero ndikudziwa kuti zomwe zinkapsa pamoto paja ndi mawu ngati a tenti ya krusedi aja. Foni siipatsa meseji mpata wogona, chala chikangogunda basi yapita, ma tiki awiri a buluu.

Tsono inu mayi musadziderere kuti sindine wansembe. Paja amati apao ndi mizu ya kachere amakumana pansi, ndipo mizu ya ubale umenewu ndi inu amayi awiri. Muimbireni foni mnzanuyo sabata ino, kuimba osati meseji. Kenako kwerani minibasi mupite, mutenge kathumba ka mpunga wa ku Chilwa kapena nkhuku, mukacheze za ana ndi za mtengo wa feteleza, mlandu wa abambo musakauyambe, ndipo chonde musakafufuze kuti anatulutsa sikirinishoti ndani, mukangoyamba zimenezo mwayatsa moto wina. Ulendo wachiwiri mudzanyamule kalata ya amuna anu yolemba pamanja. M'kalatamo apepese chifukwa cha mawu onyoza aja koma asanamizire kuti nkhawa zawo zatha, mnzawoyo amawadziwa bwino aona kuti akunama. Afunse mafunso, kodi anthu akaulula mumawatsatira bwanji, kodi amene akubwera ku overnight Lachisanu akubweranso ku Misa Lamulungu, kodi iweyo ukumapuma. Ndipo apemphe kuti abwere Lachisanu lina adzakhale kumbuyo, opanda kolala, adzaone okha ngati mmene Wesley anapitira ku Bristol.

Yankho likachedwa asakhumudwe. Wesley yemweyo mu 1764 analembera ansembe pafupifupi 50 a chitsitsimutso kuwapempha kuti azigwirizana, anayankha atatu okha, koma sanasiye kulemba makalata mpaka sabata yomaliza ya moyo wake mu 1791. Ngati pofika Adventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi, kuli zii alembenso ina yaifupi. Zikakanika pamenepo mungapemphe wansembe wina wachikulire wopuma amene onse awiri amamulemekeza kuti awakhazike pansi, koma musathamangire ku maofesi, nkhani ya pachibale ikalowa m'faelo imasanduka mlandu.

FUNSO: Ankolo, ine ndi mnyamata wa zaka 26, ndikuphunzira zaunsembe konkuno ku Zomba. M'kalasi timamva kuti chitsitsimutso cha ku England chinabala mpingo wa Methodist. Nanga ansembe amene anatsitsimuka koma n'kukhalabe mu Anglican anapirira bwanji, poti akuti anali ochepa ndipo ankanyozedwa?
Wophunzira, Zomba

YANKHO: Mphwanga, kali kokha n'kanyama, ndipo anthu amenewa ankadziwa zimenezo. Anali omwazikana, wina kumpoto wina kumwera, mwinanso wansembe wa parishi yoyandikana nawe sakufuna n'kukuona komwe. Newton ndamutchula pamwambayu anatha zaka zoposa zisanu akukanidwa unsembe. Nde anzawo ankawapeza pa kavalo ndi pa pepala basi.

Tenga Charles Simeon. Mu 1782 ali ndi zaka 23 anapatsidwa tchalitchi cha Holy Trinity ku Cambridge, eni tchalitchi ankafuna wansembe wina. Masiku amenewo mabenchi anali ndi titseko ndipo mabanja ankalipira malo awo, nde eni mabenchi anakhoma titseko tawo n'kumakhala kunyumba, Simeon akaika mipando m'njira kuti obwera apeze pokhala ma church warden, akuluakulu oyang'anira tchalitchi, ankaitaya panja, ndipo nkhondo imeneyi inatha zaka zoposa khumi. Mnyamata wa msinkhu wako bwenzi atathawa. Iyeyo ankakwera kavalo kupita ku kamudzi ka Yelling, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ngati ulendo wochoka m'tauni muno kupita cha ku Domasi, kukakhala pansi ndi Henry Venn, wansembe wachikulire amene anatumikira ku Huddersfield kuyambira 1759 mpaka 1771 thupi litafooka ndi ntchito. Venn ankamulimbikitsa komanso ankamudzudzula pomwe walakwa. Simeon anakhala pa tchalitchi chomwecho zaka 54 mpaka imfa yake mu 1836, ndipo anaumba ansembe achinyamata ambirimbiri. Chapafupi pomwepo panalinso John Berridge wa ku Everton, osati Everton ya mpira ija, kamudzi kena, amene ankalalikira m'minda ndi m'nkhokwe za m'maparishi a eni osasamala malire. Simeon anadzasankha njira yosunga malamulo a mpingo, komabe ankamulemekeza mkuluyu.

Chinanso anali ndi timagulu tokumana. Venn anayambitsa kagulu ka ansembe ali ku Huddersfield, kenako kanasamukira ku Elland ndipo kuyambira 1777 kanayamba kusonkha ndalama zolipirira anyamata osauka sukulu kuti adzakhale ansembe. Ku London Newton ndi anzake anayambitsa Eclectic Society mu 1783, kukumana kamodzi pa masabata awiri, kumwa tiyi n'kukambirana funso limodzi mpaka litapsa. M'macheza amenewo ndi momwe munabadwira bungwe la mishoni la CMS pa 12 Epulo 1799, wapampando wa msonkhanowo anali John Venn mwana wa Henry Venn uja, mlembi woyamba anali Thomas Scott yemwe uja ankafuna kugonjetsa Newton. Waona mmene ulusi wake ukuyendera eti.

Ndipo dziwa kuti chisanafike chaka cha 1840 ku England amene ankalipira kalata nthawi zambiri anali wolandira, mtengo wake kutengera mtunda ndi kuchuluka kwa mapepala. Sukanamulipiritsa mnzako kuti awerenge zopanda pake, unkayenera kulemba zoti zimuthandize.

Iwe pano uli ndi anzako m'kalasi, mukudyera limodzi nyemba, ukuona ngati zidzakhala chonchi mpaka kale. Mukadzadzozedwa wina adzamuponya kunyanja ku Mangochi wina ku Balaka wina kumudzi koti netiweki mpaka ukwere pachulu, ndipo udzapeza kuti aliyense akukuuza mavuto ake koma iwe ulibe womuuza ako, chifukwa kwa akhristu ndiwe Bambo. Sankha awiri kapena atatu panopa, osati gulupu ya anthu 60 yotumizirana mavesi ndi zithunzi za maluwa, awiri atatu oti mungauzane kuti mwezi uno pemphero likundikanika, ndipo mupangane kuti kamodzi pa mwezi muzilemberana zenizeni. Pakhale mmodzi amene simugwirizana naye pa zonse.

FUNSO: Ankolo, ine ndinabadwira mu Anglican ndipo ndidzafera momwemo. Ife ndi a UMCA, mishoni yomwe inabweretsa Anglican kuno, a lubani, mabelu ndi kugwada. Zachitsitsimutsozi ndi za a Pentekoste, si zathu. Ndikunama?
Bambo wa ku Malosa

YANKHO: Bambo, chikondi chanu pa mpingo ndachimva ndipo ndikuchilemekeza, koma zimene mukuzikondazo nazonso zinabwera ndi chitsitsimutso, kungoti cha mtundu wina. Chinayambira ku Oxford mu 1833 pakati pa ansembe amene anali mabwenzi, John Keble, John Henry Newman, kenako Edward Pusey, akulemba timapepala todzutsa ansembe anzawo kuti akumbukire kuti mpingo si nthambi ya boma. Kulemekeza masakramenti, Ukaristia wa Lamulungu lililonse, kenako lubani ndi mabelu, zinabwerera mu Anglican kudzera mwa iwowa ndi amene anawatsatira, ndipo nthawi imeneyo nawonso ankanenedwa kuti akusokoneza mpingo.

Ubwenzi wawo unalawa zowawa kuposa za mayi alemba pamwambawa. Mu 1845 Newman anatuluka n'kulowa Katolika, ndipo panatha zaka 20 osaonana ndi Keble. Mu 1865 Newman anapita kwa Keble ku Hursley, atakumana pakhomo sanazindikirane, onse anali atakalamba. Pusey analinso m'nyumbamo ndipo atatuwo anadyera pamodzi tsiku limenelo. Chaka chotsatira Keble anamwalira. Nkhani imeneyi ndikaikumbukira imandigwira pakhosi, zaka 20 ndi zambiri.

UMCA yathuyi inabadwa David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857, Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861 n'kumwalira mu Januwale 1862, ndipo mishoniyi inatenga mzimu wa chitsitsimutso cha ku Oxford chija. Ngakhale ntchito ya kunyanja inaima pa ubwenzi wa anthu awiri, Chauncy Maples ndi William Percival Johnson, amene anadziwana ali ophunzira ku Oxford n'kubwera ku Africa onse mu 1876. Maples anakhazikika pa Likoma, Johnson ankazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima maso ake ali ovutika kale. Maples anamira pa nyanja mu Sepitembala 1895 akubwerera kumene kuchokera kodzozedwa ubishopu, Johnson anapitiriza ntchito zaka zina 33 mpaka anamwalira ku Liuli, tsidya la nyanja ku Tanzania, mu 1928. Nde musawathamangitse achinyamata a fellowship bambo, akhaleni nawo pansi muwafotokozere chifukwa chomwe mumagwadira, ambiri palibe anawauzapo.

FUNSO: Ankolo, agogo anga aamuna anali wansembe, anamwalira kalekale. Mwezi watha tikukonza m'nyumba tinapeza bokosi lachitsulo muli makalata ambirimbiri ochokera kwa anzawo ansembe, ena achizungu ena achinyanja, ena chiswe chadya m'mbali. Ndawerengako angapo, muli nkhani za kuchedwa kwa malipiro, za matenda a ana, ina mnzawo akuwauza kuti chikhulupiriro chake chafooka sakudziwa ngati apitirize. Mayi anga akuti tiwotche ndi zinsinsi za akufa. Ine mtima ukukana, nditani?
Mtsikana wa ku Matawale

YANKHO: Mwana wanga, musawotche, chonde musawotche. Koma mayi ako usawaone ngati osazindikira, akuteteza ulemu wa bambo awo ndi wa anzawo aja, ndipo pa mfundo yakuti zisamwazike akunena zoona. Uwalonjeze kuti palibe kalata olo imodzi yomwe ipite pa Facebook kapena pa gulupu ya banja, chifukwa ana ndi adzukulu a amene analembawo ali moyo ndipo sanavomere. Ukawatsimikizira zimenezo ndikhulupirira machesi awabweza.

Kalata ya wansembe wofooka chikhulupiriro ija ndi imene ine ndikuiona yamtengo wapatali kuposa onse. Munthu salembera aliyense mawu otero. Ikukuuza kuti agogo ako anali munthu woti mnzake akafika pothera ankadziwa kuti kuli khutu losaulula, ndipo anaisunga zaka zonsezo osaonetsa munthu. Makalata a amishoni achizungu ambiri anasungidwa ndipo ena anasindikizidwa, a ansembe athu akuda ndi amene amathera m'mabokosi ngati limenelo mpaka chiswe chitamaliza.

Tsono chita izi. Atulutse m'bokosimo uwayale m'nyumba pouma, osati padzuwa, inki imafufutika. Usawaike mu jumbo, chinyezi cha ku Zomba kuno ukuchidziwa, m'pulasitiki amachita nkhungu. Ong'ambika usawamate ndi selotepu, imadya pepala pakapita zaka, ndipo mapini a dzimbiri uwachotse pang'onopang'ono. Uwasanje potsata zaka m'mafaelo a pepala, envelopu iliyonse ikhale ndi kalata yake, n'kuwaika pamwamba kutali ndi khoma ndi pansi. Uwajambule ndi foni masana pafupi ndi windo, mbali zonse ziwiri, zithunzizo usunge malo awiri. Kenako mukakhala pansi ngati banja, amalume ndi azakhali alipo, mungaganize zokafunsa ku National Archives konkuno ku Zomba kuti akulangizeni kasungidwe kake, ndipo ngati mungadzafune kuwapereka mufunse kaye ngati n'zotheka kuti ena okhudza zinsinsi za mabanja asatsegulidwe msanga.

Undilemberenso undiuze chaka chomwe chili pa kalata yakale kwambiri ndi komwe inachokera, ndipo masitampa ngati akadalipo pa maenvelopu usawamatule.